Abambo Paul Schulte, Wansembe Wouluka

Munthu akadwala mwakayakaya kumudzi, abale ake sataya nthawi ndi kufunsa kuti kuchipatala kuli mamailosi angati. Funso lao likhala limodzi lokha: kodi tikafika naye ali moyo? Pakuti kwa wodwala kutalika kwa njira kuwerengedwa ndi maora, ndipo ora limodzi lingathe kulekanitsa moyo ndi imfa. Lero tifuna kukusimbirani mbiri ya wansembe wina wa ku Germany amene adaphunzira zimenezi pa imfa ya bwenzi lake, napereka zaka zake zonse ku ntchito yofupikitsa ulendo wa odwala ndi wa amishoni. Dzina lao ndi Abambo Paul Schulte, a m'chipani cha Oblate, ndiye kuti ansembe odzipereka kwa Maria Wopanda Tchimo. M'maiko ambiri anthu ankangowatchula kuti Wansembe Wouluka.

Ubwana ndi nkhondo

Paul Schulte adabadwa pa 14 Meyi 1895 mu mzinda wa Magdeburg, m'dziko la Germany. Akali mnyamata adamva kuitana kwa Mulungu, nalowa m'chipani cha Oblate, chimene Eugène de Mazenod Woyera adachiyambitsa ku France m'chaka cha 1816 kuti chizilalika Mthenga Wabwino kwa amphawi ndi kwa anthu osiyidwa. Koma maphunziro ake a unsembe adadukiza panjira. M'chaka cha 1914 nkhondo yaikulu idabuka ku Ulaya, ndipo anyamata a m'seminale adatengedwa kunka ku usilikali monga anzao onse. Schulte adamenya nkhondo ya pansi zaka zoposa ziwiri, kufikira tsiku limene adavulala. Atachira adamtumiza ku gulu la asilikali a ndege, kumene adaphunzira kuulutsa ndege, ndipo ntchito imeneyi adakaigwira ku Palestine, pamwamba pa dziko lomwelo limene Ambuye athu adayendamo ndi mapazi.

Tikumbukire kuti ndege zidali zachilendo masiku amenewo. Ndege yoyamba ya injini idauluka m'chaka cha 1903, ndipo za pa nkhondo ija zidali za matabwa ndi nsalu, zomangidwa ndi mawaya. Woziyendetsa ankayenera kukhala wolimba mtima ndiponso wodziwa kukonza injini ndi manja ake.

Nkhondo itatha m'chaka cha 1918, mnyamatayo adabwerera ku seminale ya ku Hünfeld, natsiriza maphunziro ake, nalandira unsembe m'chaka cha 1922. Pamenepo zidaoneka ngati luso la ndege latsala m'mbuyo pamodzi ndi malaya a usilikali. Komatu Mulungu sataya kanthu kamene munthu adaphunzira, ngakhale adakaphunzirira pa malo oipa.

Masiku asanu a Abambo Fuhrmann

Abambo Schulte adali ndi bwenzi lapamtima, Abambo Otto Fuhrmann, mnzao wa m'chipani chimodzi. Abambo Fuhrmann adatumidwa ku mishoni za ku South West Africa, dziko limene lero litchedwa Namibia, nakagwira ntchito ku Ovamboland, chakumpoto, kufupi ndi malire a Angola. Limeneli ndi dziko lamchenga, ndipo pa zaka zimenezo ulendo udali wa pansi kapena wa ngolo za ng'ombe.

M'chaka cha 1925 Abambo Fuhrmann adagwidwa ndi malungo pamodzi ndi chibayo. Ulendo wonka nao ku chipatala udatenga masiku asanu athunthu. Chipatalacho chidali cha amishoni a ku Finland, a mpingo wa Lutheran, ndipo iwo adawalandira ndi chifundo cha Chikristu. Koma nthenda idali itapita kale patali, thupi litafooka ndi ulendo, kotero kuti wansembeyo adamwalira komweko akali ndi zaka zochepa za utumiki.

Mbiri ya imfayi itafika ku Germany, idalasa mtima wa Abambo Schulte koposa anthu ena onse, chifukwa iwo ankadziwa chimene ena sankachidziwa. Mtunda umene anthu onyamula wodwala ayenda masiku asanu, ndege iumaliza pasanathe maora awiri. Mankhwala adalipo, osamala odwala adalipo. Chimene chidasowa ndi njira yofikira msanga. Chisoni chimenechi sichidawafooketse ai, koma chidasanduka ntchito.

Kubadwa kwa MIVA

M'chaka cha 1927, mu mzinda wa Cologne, Abambo Schulte adayambitsa bungwe lotchedwa MIVA. Dzinali ndi malemba oyamba a mau a Chijeremani, ndipo tanthauzo lake ndi bungwe losamalira mayendedwe a amishoni. Cholinga chake chidali chosavuta kumva: kusonkhanitsa ndalama kwa Akristu ndi kugulira mishoni magalimoto, njinga zamoto, mabwato a injini ndi ndege. Mau otsogolera bungweli, olembedwa m'Chilatini, ankanena za kupita kukakomana ndi Kristu pamtunda, panyanja ndi mumlengalenga. Mwa anthu amene adathandiza pa chiyambi mudali Konrad Adenauer, amene pa nthawiyo adali mkulu wa mzinda wa Cologne, ndipo pambuyo pake, m'chaka cha 1949, adakhala mtsogoleri wa boma la West Germany.

Kapena wina afunsa kuti, kodi Atumwi adali ndi magalimoto? Iyai, adalibe. Koma Paulo Woyera adakwera zombo za amalonda nayenda m'miseu ya Aroma, ndiye kuti adagwiritsa ntchito zonse zimene zidalipo m'masiku ake. Apapa Pius XI, amene mtima wao udali pa mishoni, adaona kuti ntchito ya MIVA njoyenera, naidalitsa.

Mutu umodzi susenza denga. Abambo Schulte adayenda m'mizinda yambiri kulalika ndi kupempha, ndipo adafika ndithu ku South West Africa ndi magalimoto, najambula kanema woonetsa mavuto a ulendo wa amishoni, kuti Akristu a ku Ulaya aone ndi maso ao. Ntchitoyo idafalikira ku maiko ena: ku Switzerland m'chaka cha 1932, ku Netherlands m'chaka cha 1935, ndi ku Austria m'chaka cha 1949.

Misa mumlengalenga

M'mwezi wa Meyi 1936 dzina la Abambo Schulte lidamveka pa dziko lonse. Ajeremani adali atapanga chombo chachikulu cha mumlengalenga dzina lake Hindenburg, chautali woposa mafiti 800, chimene chinkayandama m'mwamba chifukwa cha mpweya wopepuka wotchedwa hydrogen. Pa ulendo wake woyamba wonka ku North America, chombochi chidanyamuka ku Germany pa 6 Meyi nichifika ku Lakehurst, kufupi ndi New York, pa 9 Meyi, chitauluka maora oposa 61. Abambo Schulte adali m'gulu la apaulendo, ndipo ndi chilolezo cha Apapa adapereka nsembe ya Misa pamwamba pa nyanja ya Atlantic. Imeneyi idziwika ngati Misa yoyamba kuchitikira mumlengalenga. Makandulo a pa guwa sadayatsidwe, pakuti mpweya uja suchedwa kugwira moto. Mantha amenewo sadali achabe: pa 6 Meyi 1937 chombo chomwecho chidapsa potera ku Lakehurst, ndipo anthu 36 adafa.

Koma Abambo Schulte sadaoloke nyanja kuti akatchuke. Maso ao adali pa mishoni za ansembe anzao a Oblate kumpoto kwa Canada, kumene ulendo udali wovuta kopambana kwina kulikonse.

Dziko la chisanu

Kumpoto kwa Canada kuli nyanja yaikulu yotchedwa Hudson Bay, ndipo kupitirira pamenepo kuli zisumbu zazikulu zoyandikira nsonga ya dziko lapansi. Kumeneko sikumera mitengo, sikulimidwa munda. Miyezi yambiri ya pa chaka nyanja ikhala youndana, yolimba ngati thanthwe, kotero kuti anthu ayenda pamwamba pake. Eni dzikolo ndi anthu a mtundu wa Inuit, amene kale azungu ankawatchula Eskimo. Pa zaka zimenezo iwo ankakhala m'magulu ang'onoang'ono otalikirana, akudya nsomba, nyama za m'nyanja ndi za pamtunda, ndi kuvala zikopa zake. Nyengo ya dzinja lao dzuwa lilowa osatulukanso kwa masabata ambiri, ndipo nyengo yotentha likhala m'mwamba usana ndi usiku.

Mishoni yoyamba pakati pa anthu amenewa ku gombe la kumadzulo kwa Hudson Bay idatsegulidwa ku Chesterfield Inlet m'chaka cha 1912 ndi Abambo Arsène Turquetil, a ku France. Iwo adadikira kufikira chaka cha 1917 kuti abatize Akristu oyamba, ndipo chisomo chimenechi adachiyamikira mapemphero a Thérèse wa ku Lisieux, amene m'chaka cha 1927 Apapa Pius XI adamuika kukhala nkhoswe ya mishoni zonse. Pambuyo pake Abambo Turquetil adakhala Episkopi wa chigawo chonsecho, ndipo likulu lao lidali ku Churchill, dooko limene njanji idafikako m'chaka cha 1929. Ku Chesterfield Inlet kudamangidwa chipatala m'chaka cha 1931, chosamalidwa ndi Asisteri. Mishoni zina zidatsegulidwa chakumpoto: ku Pond Inlet, ku Igloolik, ku Repulse Bay, ndi ku Arctic Bay.

Ulendo wa kumeneko udali wa mitundu iwiri. Nyengo yozizira wansembe ankayenda pa chileyi chokokedwa ndi agalu, mamailosi 20 kapena 30 pa tsiku, nagona m'kanyumba komangidwa ndi chipale. Nyengo yotentha, madzi oundana atasweka, kunkabwera sitima yapamadzi kamodzi kokha pa chaka, monga Nascopie ya kampani ya malonda ya Hudson's Bay Company, kudzatula chakudya, malasha ndi makalata. Wansembe wodwala pakati pa nyengo ziwirizi adalibe kothawira.

Kukonza njira

Ndege imene Abambo Schulte ankayendera kumeneko idali yaing'ono, ya injini imodzi, ya mtundu wa Stinson Reliant. Popeza kudalibe bwalo la ndege ngakhale limodzi, m'malo mwa magudumu idali ndi timabwato tiwiri kunsi kwake, kuti izitera pamadzi. Koma kukhala ndi ndege sikudali kutha kwa mavuto.

Vuto loyamba lidali la petulo. Ndege yaing'ono singanyamule petulo wa ulendo wonse, ndipo kulemera kulikonse koonjezera, kaya munthu kaya katundu, kuchepetsa mtunda umene ingauluke. Tsono Abambo Schulte adayamba ndi ntchito yosaoneka: kutumiza migolo ya petulo pa sitima ndi pa mabwato, ndi kuisungitsa pa mishoni ndi pa magombe a m'njira, kuti idikire tsiku losadziwika. Akuluakulu adati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike.

Vuto lachiwiri lidali la kudziwa njira. Ife tidziwa kuti singano ya kampasi iloza kumpoto. Koma malo amene akoka singanoyo, pa zaka zimenezo adali m'zisumbu zomwezo za kumpoto kwa Canada, mamailosi mazana ochepa chabe kumadzulo kwa Arctic Bay. Munthu akayandikira malo amenewo singano ichita ulesi, nizungulira mosadalirika. Mapu naonso adali osakwanira, magombe ena ojambulidwa mongoyerekeza. Woulutsa ndege ankadalira dzuwa, wotchi ndi maso ake.

Vuto lachitatu lidali la nyengo. Pamene madzi oundana asungunuka, nkhungu ibwera mwadzidzidzi nikuta nyanja ndi mapiri. Ndiponso mphepo ingathe kukankhira zibuma za madzi oundana m'dooko limene dzulo lidali loyera, kotero kuti wofika ndi ndege apeza kuti palibe potera.

Mthenga wochokera ku Arctic Bay

M'mwezi wa Ogasiti 1938 kudamveka mthenga wa pa wailesi wochokera ku sitolo ya kampani ya malonda ku Arctic Bay. Mthengawo udati Abambo Julien Cochard, wansembe wa Oblate wa ku France, adwala kwambiri, thupi latentha koopsa kwa masiku angapo, ndipo pafunika chithandizo. Arctic Bay ili kumpoto kwa chisumbu cha Baffin, mamailosi ngati 450 kupitirira mzere umene ophunzira autcha Arctic Circle, ndipo pa masiku amenewo inkadziwika ngati mishoni ya Akatolika ya kumpoto koposa zonse. Kudalibe dokotala. Agalu sakadatha kuyenda, pakuti nyanja idali itasweka. Sitima ya pa chaka idali isanafike.

Taonani, Akristu okondedwa, m'mene zinthu zidabwerezera. Patapita zaka 13 chimwalirire Abambo Fuhrmann, wansembe winanso wa chipani chomwecho adali gone kutali ndi chipatala. Koma tsopano padali wailesi yonyamula mthenga, padali ndege, padali petulo wodikira m'njira, ndiponso padali munthu amene adakhala akukonzekera tsiku limeneli kwa zaka zonsezo.

Abambo Schulte adanyamuka ku Churchill nalunjika kumpoto, akulimbana ndi nkhungu ndi mphepo. Atafika ku Arctic Bay adapeza mnzao akali moyo. Adamgoneka m'ndege, natembenukira kumwera, natera ku Igloolik kumwetsa ndege petulo uja adasungitsa, ndipo potsiriza adafika naye ku chipatala cha ku Chesterfield Inlet, m'manja mwa dokotala ndi Asisteri. Abambo Cochard adachira. Ulendo wonsewo, kupita ndi kubwera, udali wa mamailosi ngati 2,200, ndipo manyuzipepala a maiko ambiri adaulemba.

Mamailosi ndi maora

Nkwabwino kuti tiime pang'ono tiwerengere, kuti timvetse kukula kwa chimene chidachitika. Tikatsata mishoni za m'njira pa mapu, kuchokera ku Churchill kufika ku Chesterfield Inlet pali mamailosi ngati 340. Kuchokera pamenepo kufika ku Repulse Bay pali ngati 260, ku Igloolik enanso 230, ndipo kuchokera ku Igloolik kufika ku Arctic Bay ngati 260. Onse pamodzi ayandikira mamailosi 1,100, ndiye kuti makilomita ngati 1,750, ulendo wopita wokha. Munthu woyenda pansi mamailosi 20 tsiku ndi tsiku, osapumula ngakhale Lamulungu, akadatha masiku 110 kuti apite ndi kubwerera.

Ndege ya mtundu umenewu, yokhala ndi timabwato kunsi, iuluka mamailosi pakati pa 100 ndi 130 pa ora. Tikagawa, tipeza kuti chigawo chilichonse cha ulendowo chitenga maora awiri kapena atatu, ndipo ulendo wonse uyandikira maora 20 a mumlengalenga. Chigawo chimene wodwala adali m'ndege, kuchokera ku Arctic Bay kufika ku chipatala, ndi mamailosi ngati 750, ndiye kuti maora 6 kapena 7 a kuuluka. Pa chileyi cha agalu, ngakhale nyengo ikadalola, ukadakhala ulendo wa mwezi wathunthu kapena kuposerapo.

Komabe tisaganize kuti mtunda ndi nthawi ziyendera limodzi masiku onse. Mtunda susintha, koma nthawi isintha ndi mphepo. Tiyerekeze ndege youluka mamailosi 110 pa ora, ndipo ikomana ndi mphepo yochokera kutsogolo ya mamailosi 30 pa ora. Pamenepo ndegeyo ingoyenda mamailosi 80 pa ora, ndipo mtunda wa mamailosi 260, umene ukadatha m'maora awiri ndi mphindi 20, utenga maora atatu ndi mphindi 15. Injini imwa petulo molingana ndi maora amene yagwira ntchito, kotero ora loonjezeralo lichotsedwa pa petulo wosungira tsoka. Pa ulendo uliwonse pali malo amene woulutsa akawapitirira sangathenso kubwerera kumene achokera. Ayenera kupita patsogolo basi, ngakhale sadziwa ngati dooko la kutsogolo lili loyera. Ku dziko lopanda midzi, kulakwitsa masamu amenewa ndiyo imfa. Nchifukwa chake migolo ija ya petulo idali yofunika monga ndege yomwe.

Nkhondo yachiwiri ndi kukayikiridwa

Chaka chotsatira, cha 1939, nkhondo idabukanso, ndipo Canada idalowa kumenyana ndi Germany. Pamenepo zinthu zomwe zidapulumutsa moyo zidasanduka mlandu. Abambo Schulte adali Mjeremani, adali atakhalapo msilikali wa ndege, ankadziwa magombe a kumpoto koposa anthu ambiri, ndipo adali ndi petulo wosungidwa m'malo akutali. Ena adayamba kuwakayikira kuti kapena ali kazitape. Ntchito yao ya kumpoto idathera pomwepo. Adapita ku United States, kumene m'chaka cha 1940 lidatuluka buku lao losimba maulendo a kumpoto, lotchedwa The Flying Priest over the Arctic. Akulu a chipani adawatumiza ku seminale ya St. Henry's ku Belleville, m'chigawo cha Illinois, ndipo kumeneko adakhala zaka za nkhondo apolisi a boma akuwayang'anira.

Kwa munthu wozolowera mlengalenga, kukhala malo amodzi akuonedwa ngati mdani udali mtanda wolemera. Koma sadakhale manja lende. Adapempha mmisiri kuti ajambule chithunzi cha Amai Maria ali ndi Mwana, ataoneka pamwamba pa dziko la chisanu, pamene wansembe wafika ndi ndege kudzaona wodwala pakati pa anthu a Inuit. Chithunzicho adachiika m'tchalitchi cha seminale, nayamba kuphunzitsa anthu kulemekeza Maria ndi dzina lakuti Amai athu a ku Chipale, dzina lakale lochokera ku tchalitchi chachikulu cha Maria ku Roma, chimene chikondwerero chake chikhala pa 5 Ogasiti. Anthu odzapemphera adachuluka, kotero kuti m'chaka cha 1958 ansembe a Oblate adayamba kumanga malo aakulu a mapemphero kufupi ndi Belleville, otchedwa National Shrine of Our Lady of the Snows. Malo amenewa alipo mpaka lero.

Zaka zotsiriza

M'chaka cha 1949 Abambo Schulte adali atabwerera ku Germany, napeza dziko lao lasanduka ngati dziko la mishoni. Nkhondo idali itathamangitsa anthu ochuluka m'midzi mwao, ndipo Akatolika ambiri adabalalikira ku zigawo kumene matchalitchi a Katolika adali ochepa. Wansembe mmodzi ankasamala midzi yambiri, akuyenda pansi kapena pa njinga. Abambo Schulte adayambanso ntchito yao yakale, yopezera ansembe amenewa magalimoto ndi njinga zamoto, ndipo ntchito imeneyi ipitirira mpaka lero m'bungwe la Bonifatiuswerk.

Atakalamba adapita kukakhala ku South West Africa, dziko limene lidadya bwenzi lao. Adamwalira ku Swakopmund pa 7 Januwale 1974, ali ndi zaka 78, ndipo adaikidwa pambali pa Abambo Otto Fuhrmann.

Njira yomweyo masiku ano

Dziko lija la kumpoto lasintha. Kuyambira m'chaka cha 1999 litchedwa Nunavut, ndipo lili ndi boma lake m'kati mwa Canada, likulu lake ku Iqaluit. Anthu a Inuit akhala tsopano m'midzi yokhazikika, ndipo maina ao a malo abwerera: Repulse Bay itchedwa Naujaat kuyambira m'chaka cha 2015, ndipo Arctic Bay eni ake aitcha Ikpiarjuk. Midzi imeneyi ili ndi mabwalo a ndege, ambiri a miyala yaing'ono yotsendereza, pakuti palibe mseu wolumikiza mudzi ndi unzake.

Koma ngakhale lero kutalika kwa pa mapu sikunena zonse. Kuchokera ku Chesterfield Inlet kufika ku Arctic Bay, molunjika, ndi mamailosi osafika 700. Komabe munthu wokwera ndege za apaulendo ayenera kudzera ku Rankin Inlet, naoloka kunka kum'mawa ku Iqaluit, mamailosi ngati 730, ndipo pamenepo ndiye atembenukire kumpoto, mamailosi enanso ngati 760, ulendo wa maora ngati atatu. Njira yake ikhala yoposa kawiri, ndipo nkhungu kapena mphepo ya chipale ingamsunge m'njira masiku angapo. Wodwala kwambiri atengedwabe ndi ndege yapadera, monga adachitira Abambo Schulte.

MIVA nayo ikugwirabe ntchito m'maiko angapo a ku Ulaya. Ku Austria, pa nyengo ya chikondwerero cha Kristofa Woyera m'mwezi wa Julaye, oyendetsa magalimoto apemphedwa kupereka kandalama kakang'ono pa kilomita iliyonse imene ayenda popanda ngozi. Ndalama zimenezi zigula magalimoto onyamula odwala, njinga zamoto za ansembe ndi Asisteri, ndiponso njinga zakapalasa za akatekisiti m'maiko a mishoni, kuphatikizapo muno mu Afrika.

Phunziro kwa ife

Anthu pokumbuka Abambo Schulte akumbuka ndege. Koma tikayang'anitsitsa ulendo wa 1938 tiona kuti anthu ambiri adagwirapo. Padali Akristu a ku Ulaya ndi ku Amerika amene adapereka tindalama tao osadziwa dzina la amene adzapulumuke. Padali amalinyero ndi anthu a Inuit amene adatsitsa migolo pa gombe. Padali Asisteri amene adasunga chipatala chili chokonzeka. Ndipo patsogolo pa onsewo padali munthu wa pa sitolo uja, amene adaona kuti wansembe wadwala natumiza mthenga. Akadazengereza masiku ena awiri kapena atatu, liwiro lonse la ndege likadakhala lachabe. Zikumbutsa anthu anai aja a mu Mthenga Wabwino, amene adanyamula munthu wofa ziwalo nasasula denga kuti amfikitse pamaso pa Yesu.

Inu akatekisiti ndi akuluampingo, kawirikawiri ndinu oyamba kumva kuti m'nyumba yakutiyakuti muli matenda. Musadikire kuti wodwala aleke kulankhula ndipo mutumize mau kwa Abambo. Aitaneni akali ndi nzeru zake, kuti alape, alandire Ukaristia ndi Sakramenti la Kudzoza Odwala. Limbikitsani abale kuti apite naye kuchipatala nthenda isanakule. Ndipo m'mphakati uliwonse mudziwiretu kuti tsoka likagwa usiku, njinga kapena galimoto idzachokera kwa yani, ndi ndalama ya petulo idzachokera kuti. Kuteroko ndiko kusungiratu migolo m'njira.

Tiwapempherere onse amene anyamula odwala pamtunda, panyanja ndi mumlengalenga, ndi amishoni onse okhala kutali ndi chithandizo. Abambo Paul Schulte ndi Abambo Otto Fuhrmann, Mulungu awapatse mpumulo wosatha.